Printa ikalemba "Offline", musathamangire ku Limbe

Inu amene mumasindikiza ndi kuchita fotokope pa Migowi, pa Chiringa kapena pa boma la Phalombe mukudziwa momwe zimapwetekera: kasitomala waima ndi kalata yofunsira ntchito, printa ili phee. Musanalipire minibasi kukasaka mmisiri, yesani izi.

Yambani ndi chingwe cha USB, chizuleni n'kuchilowetsa pa bowo lina. Magetsi akathima n'kubweranso, printa ndi kompyuta zimatha kusiya kumvana. Zimitsani zonse, muyatse printa kaye, kenako kompyuta. Ikakanabe, tsegulani mndandanda wa zikalata zodikira kusindikizidwa, mufufute zonse, ndipo ngati pa "Use Printer Offline" pali chizindikiro, chichotseni. Kudina "Print" kakhumi kumangotalikitsa mzere.

Chomwe ambiri amachiphonya ndi pepala lenilenilo. M'dzinja, kuno kumunsi kwa phiri la Michesi, mapepala amamwa chinyontho, amamatirana, makina n'kukoka awiriawiri mpaka kukodwa. Rimu yotsegula muzisunga m'pulasitiki, osati pansi pa simenti. Pepala likakodwa, zimitsani printa, mulikoke pang'onopang'ono ndi manja onse awiri. Kachidutswa kakatsalira mkati, mawa vuto ndi lomwelo.

Printa ya matanki a inki, monga Epson, ikakhala masabata osagwira ntchito timabowo take timauma, zilembo n'kutuluka zodukaduka. Chitani "Nozzle Check", kenako "Head Cleaning" kamodzi kapena kawiri basi, chifukwa imamwa inki kwambiri, ndipo inkiyo munagula ndi mpamba wanu. Kuli bwino kusindikiza tsamba limodzi la mitundu sabata iliyonse, ngakhale malonda atavuta.