Mafupa a Amayi Achikulire: Usipa, Dzuwa ndi Mapiritsi a Kashiamu

Talemba kabukuka chifukwa amayi a ku Mangochi, Monkey Bay, Malindi ndi Makanjira akhala akutifunsa funso limodzimodzi: "Kodi ndigule mapiritsi a mafupa?"

Mafupa amafookeranji munthu akamakula?

Mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amachepa ndipo mafupa amayamba kutaya kashiamu msanga. Matumbo nawonso sayamwa kashiamu ngati kale.

Nanga vitamini D ngwachiyani?

Ndiye amathandiza matumbo kuyamwa kashiamu wa m'chakudya. Khungu limamupanga likawombedwa ndi dzuwa. Dzuwa kunyanja kuno silisowa, koma agogo ongobindikira m'nyumba ndi amayi ofunda thupi lonse akhoza kuperewedwa. Aziwothako kuseri kwa nyumba, mikono ndi miyendo ili pamtunda.

Ndiye ndigule mapiritsi?

Musathamangire. Mayi wopitirira zaka 50 amafunika kashiamu wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,200 patsiku, ndipo wambiri angachokere m'ndiwo. Usipa, bonya ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamuyo ali m'mingamo. Chambo n'chokoma, inde, koma minga yake timasiya m'mbale. Mpiru, repu ndi mkaka zimathandizanso. Bonongwe ali naye kashiamu, kungoti wina amamangika, thupi osamuyamwa yense.

Koma mapiritsi saposa usipa?

Kwa ambiri, ayi. Thupi siliyamwa bwino kashiamu wopitirira mamiligalamu 500 nthawi imodzi, choncho kumwa ambiri kungakhale kutaya ndalama. Ena amadzimbidwa nawo, ndipo mwa ena angathe kuonjezera chiopsezo cha miyala ya mu impso. Mitengo imasiyana malinga ndi kogula, ndipo sitingalonjeze kuti chipatala chilichonse chili nawo. Alipo amayi ofunikadi mapiritsiwa, koma zimenezo aweruze ndi adokotala.

Ndimamwa ma ARV. Ndingamwere limodzi?

Funsani kaye kuchipatala. Kashiamu angalepheretse ma ARV otchedwa dolutegravir kulowa bwino m'thupi, makamaka mukamwera pamodzi musanadye. Azaumoyo akuuzani nthawi yoyenera. Ma ARV okha musasiye.

Mawondo akundiwawa. Mapiritsiwa sangandichize?

Kuwawa kwa mawondo kawirikawiri ndi nyamakazi, vuto la molumikizana mafupa, ndipo kashiamu sachiza limenelo. Kufooka kwa mafupa sikupweteka mpaka fupa litathyoka. Zizindikiro zake ndi kufupika msinkhu, kupindika msana, kapena kuthyoka mkono kapena fupa la m'chiuno mutangoterereka pang'ono pabafa.

Mnansi wanga akumwa ndipo akuti akupeza bwino. Ndisamwe ine?

Thupi lanu si lake, mayi. Ngati munathyokapo fupa mutagwa pang'ono, kapena muli ndi vuto la impso, pitani kuchipatala chapafupi, ndipo mutenge mankhwala onse amene mukumwa kuti adokotala akawaone.