Barbara McClintock ndi chimanga cha mawangamawanga

Anzanga a Fomu 4, tikafika pa mutu wa genetics dzina limene timaloweza ndi la Gregor Mendel ndi sawawa wake basi. Lero ndikuwonjezerani lina, la mayi amene anatha moyo wawo wonse akufufuza mbewu imene ife timadya tsiku ndi tsiku. Musanawerenge, ndigwirizane nanu kaye: ndizilemba kuti "ma gene", chifukwa ndikalemba "majini odumpha" ena athawa pano poganiza kuti ndi nkhani ya ziwanda.

Mayi Barbara McClintock anabadwa mu 1902 ku Hartford, m'dziko la America. Amayi awo sankafuna kuti apite ku koleji, ati mtsikana wophunzira kwambiri sapeza banja. Mawu amenewa kuno ku Kasungu si achilendo, eti? Komabe mu 1919 analowa pa yunivesite ya Cornell, ndipo mu 1927 anatenga digiri ya PhD. Luso lawo linali pa maikulosikopu. Chimanga chili ndi ma chromosome awiriawiri okwana 10, ndipo iwo anapeza njira yozindikirira iliyonse payokha. Mu 1931, pamodzi ndi Harriet Creighton, anasonyeza kuti ma chromosome amasinthanadi zidutswa mbewu ikamapanga mungu ndi mazira. Mukamva za crossing over m'kalasi, umboni wake unachokera m'munda wa chimanga.

Ngakhale zinali choncho ntchito yokhazikika inawavuta. Anaphunzitsako ku yunivesite ya Missouri kuyambira 1936, koma anachokako mu 1941 ataona kuti sadzakwezedwa. Anakakhazikika ku Cold Spring Harbor, ku New York, kumene ankadzala okha chimanga chawo n'kumathira okha mungu.

Tsopano apa ndiye pagona nkhani, werengani mofatsa. Tengani chitsononkho cha chimanga chamakolo. Nthawi zina mumapeza njere zoyera, zachikasu ndi zofiirira pa chitsononkho chimodzi. Zimenezo sizovuta kufotokoza: ndevu iliyonse ya chimanga imabereka njere imodzi, ndipo mphepo imabweretsa mungu kuchokera ku ngayaye za mbewu zosiyanasiyana, mwinanso za m'munda wa aneba. Chimene chinawasowetsa tulo mayiwa n'china. Njere imodzi yokha, yochokera ku mungu umodzi, ingakhale bwanji yoyera koma ili ndi timadontho tofiirira?

Atafufuza zaka zambiri m'ma 1940, anapeza tizidutswa tiwiri timene anatitcha Ds ndi Ac. Ds imatha kuchoka pamalo pake n'kukalowa pakati pa gene yopanga mtundu. Zili ngati munthu waima kutsogolo kwa bolodi: mawu alipo koma sakuwerengeka, ndiye njere imakhala yoyera. Koma Ac ikakhalapo, imachititsa Ds kudumpha n'kuchokapo. Mu selo imene Ds yachoka, gene ija imayambanso kugwira ntchito, ndipo maselo onse obadwa kuchokera ku selo imeneyo amakhala ndi mtundu. Ikadumpha njere ikungoyamba kukula, banga limakhala lalikulu. Ikachedwa, mumaona kadontho kakang'ono. Mayiwa ankati akayang'ana kukula kwa banga, adziwiratu nthawi imene kudumphako kunachitika. Ine zimenezi ndiye zimandizizwitsa kuposa mphotho zonse zimene analandira.

Mu 1951 anafotokoza zimenezi pa msonkhano wa asayansi ku Cold Spring Harbor komweko. Ambiri sanamvetse, ena anakayikira. Nthawi imeneyo aliyense ankakhulupirira kuti ma gene amakhala duu pamalo pake ngati mikanda pa ulusi. Ndipo musaganize kuti anali munthu wosadziwika ayi. Mu 1944 anali atasankhidwa kale kulowa National Academy of Sciences, mayi wachitatu kulowamo, ndipo mu 1945 anakhala mayi woyamba kutsogolera Genetics Society of America. Koma pofika 1953 anasiya kusindikiza za nkhaniyi. Kafukufuku yekha sanasiye.

Zinatenga mpaka kumapeto kwa ma 1960 ndi ma 1970 kuti asayansi ena apeze tizidutswa todumpha mu mabakiteriya. Apa nkhani imatikhudza ngakhale ife osalima: tizidutswa timeneti timatha kunyamula ma gene amene amachititsa mabakiteriya kusamva mankhwala, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene achipatala amaletsera kumwa ma antibiotic mwachisawawa. Lero zikudziwika kuti pafupifupi theka la DNA ya munthu linachokera ku tizidutswa totere, ndipo mu chimanga ndi zoposa pamenepo. Mu 1983, ali ndi zaka 81, mayi McClintock analandira mphotho ya Nobel ya Physiology or Medicine, mayi woyamba kuilandira yekha popanda wogawana naye. Anamwalira mu 1992.

Wina anganene kuti izi n'za azungu. Ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, Dr. Elizabeth Sibale anali m'gulu la akatswiri amene anatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18 mu 1990. Chimanga cha haibulidi chakale amayi ankachikana chifukwa chinali chofewa: mumtondo chimanyenyeka, mphale imachepa, ndipo anankafumbwe amachimaliza msanga. Mbewu ziwirizi zinatuluka zolimba njere, zokonoleka pafupifupi ngati chamakolo, koma zobereka kwambiri. Funsani agogo anu za MH18, ambiri akuikumbukira.

Amene kwanu mukusungabe chamakolo m'nkhokwe, kasakeni njere imodzi ya madontho mubwere nayo pa phunziro la Biology. Yoyera yokhayokha kapena yofiira yokhayokha musavutike nayo, tikufuna ya mawanga pa njere imodzi.