Funsani Aphunzitsi: Mbaula ya pa Geti

Muulutsi: Aphunzitsi athu a Bayoloje afika kale, ndipo makalata achuluka, tisataye nthawi. Yoyamba yachokera ku Kawale, kwa mtsikana wa Folomu 1. Akuti, "Kusukulu kwathu kulibe maikulosikopu, selo timangoliona pa bolodi. Kodi lilipo selo loti ndingalione ndi maso angawa?"

Aphunzitsi: Lilipo mwanawe. Ukaswa dzira la nkhuku, kachikasu ka m'kati kaja, pamodzi ndi kachikopa kopyapyala kokuta, ndi selo limodzi. Langokula chifukwa ladzaza chakudya cha mwanapiye. Maselo a m'thupi mwako ndiye ndi ang'ono zedi, safuna maso okha. Robert Hooke wa ku England, yemwe anayamba kulemba za maselo mu 1665, nayenso anachita kuunika kachidutswa ka khungwa la mtengo ndi galasi lokulitsa. Pemphani aphunzitsi anu akupititseni ku sukulu yoyandikana yomwe ili ndi labu. Mutenge anyezi mmodzi, musende kachikopa ka m'kati, mudzaona timizere ta maselo tondondozana. Musadikire kuti mudzagwire maikulosikopu koyamba mayeso a MANEB atafika.

Muulutsi: Ina yachokera kwa mayi wogulitsa thobwa ku Mchesi. Akufunsa kuti n'chifukwa chiyani thobwa limatsekemera akathira chimera, koma tsiku lina akachithira phala likadali pamoto silikoma.

Aphunzitsi: Mayi, inu mumachita Bayoloje tsiku ndi tsiku. Mawere kapena chimanga chikayamba kumera, njere imapanga enzyme yotchedwa amylase, ntchito yake kuphwanya sitalichi kuti asanduke shuga wodyetsa kambewu. Mukathira chimera m'phala, amylase uja amaphwanya sitalichi wa ufa wanu, n'chifukwa chake phala limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Koma enzyme ndi puloteni, ndipo ikapsa siigwiranso ntchito. Phulani phala lipume kaye, likhale lofunda, kenako thirani chimera. Tipitirire.

Muulutsi: Iyi ndi ya bambo wina. Akuti, "Ndine mlonda pa nyumba ina ku Area 3, cha kufupi ndi bwalo la gofu. Chiyambireni chisanu chino, ndikamaweruka m'mawa mutu umakhala ukuphwanya, miyendo ili lende, pena nseru. Malungo ndayezetsa, sanawapeze. Ndikafika kwathu ku Chinsapo n'kugonako pang'ono, masana ndimakhala bwinobwino. Anzanga akuti alipo amene akundichita zachipongwe pofuna ntchito yanga."

Aphunzitsi: Achimwene, kalata imeneyo muiike padera, ndichedwapo. Bambo, m'kalata yanu simunatchule mbaula, koma ndikukhulupirira kuti ilipo. Tonse a mu Lilongwe muno tikudziwa momwe tinyumba ta pa geti timakhalira ku Area 3, Area 9, Area 10 ndi Area 43: kachipinda kokwana mpando umodzi, kazenera kamodzi, chitseko chachitsulo. Usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka kutsika madigiri 10. Munthu umayatsa makala, umalowetsa mbaula, umatseka chitseko, pansi pake n'kutsekapo ndi chiguduli kuti mphepo isalowe. Ngati ndanama mundilemberenso. Ngati ndalondola, mverani bwino, chifukwa mutu umenewo ndi chenjezo, ndipo ena sapatsidwa n'komwe chenjezo.

Tiyambire pa selo lomwe mwana uja wafunsa. Selo lililonse m'thupi mwanu limafuna mphamvu. Nsima yomwe mwadya imagayidwa n'kusanduka shuga wotchedwa glucose, magazi amamunyamula mpaka ku selo, ndipo m'kati mwa selo muli tizigawo totchedwa mitochondria momwe shugayo amaphwanyidwa pogwiritsa ntchito okosijeni. Zotuluka zake ndi mphamvu, madzi ndi carbon dioxide yemwe timamupumira kunja. Kutentha kwa thupi lanu, madigiri 37 aja, kumachokera pomwepo. Ana a Folomu 3 lembani, imeneyi ndiye respiration. Makala nawonso akamayaka amafuna okosijeni yemweyo. Ndiye m'kachipinda kotseka muli awiri olimbirana mpweya umodzi, inu ndi mbaula.

Pamene pali ngozi yeniyeni ndi apa. Makala akapeza mpweya wokwanira, kaboni mmodzi amagwirana ndi okosijeni awiri, n'kukhala carbon dioxide. Mpweya ukachepa, kaboni amagwirana ndi okosijeni mmodzi yekha, n'kukhala carbon monoxide. Kusiyana kwake ndi atomu imodzi basi, koma wachiwiriyu ndi poizoni. Alibe fungo, alibe mtundu, sayabwa m'maso, sakhosomoletsa. Sabata ndi sabata ndimamva anthu akuti, "Ine ndimalowetsa mbaula utsi utatha, makala atafiira." Ayi bambo. Makala ofiira opanda utsi omwewo amatulutsabe mpweya umenewu. Utsi ukanakhalapo bwenzi mutathawa.

M'magazi mwanu muli maselo ofiira, ndipo m'kati mwake muli haemoglobin, puloteni yokhala ndi ayironi, yomwe imatenga okosijeni m'mapapo kukamutula ku ziwalo. Carbon monoxide amamatirira pa haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Akakhalapo sachoka msanga. Mukupuma ndithu, chifuwa chikukwera n'kutsika, koma magazi akuzungulira osanyamula zokwanira. Chiwalo choyamba kudandaula ndi ubongo, chifukwa ngakhale umangolemera magawo 2 pa 100 a thupi, umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a okosijeni yense. Ndiye mutu, chizungulire, nseru, kufooka kwa miyendo, kenako tulo tokoma. Tulo timeneto ndi tomwe timandiopsa ine, chifukwa munthu amaona ngati wangotopa. Inu mumachira masana chifukwa ulendo wa ku Chinsapo mumayenda pa mpweya wabwino, poizoni uja n'kumachoka pang'onopang'ono. Palibe amene wakuchitani chipongwe.

Ndikamaphunzitsa mutu umenewu ndimayatsa kandulo pa tebulo, n'kuivundikira ndi botolo lagalasi. Ana amakhala chete kuyang'ana lawi likufupika, likusanduka kadontho, kenako zii. Nthawi zonse pamapezeka mwana wokweza dzanja n'kunena kuti kwawo amagona ndi mbaula, kapena kuti agogo ake anadzutsidwa movutikira tsiku lina. Nkhaniyi si ya alonda okha. Ndi ya mayi wa mwana wakhanda amene akuopa kuti mwana azizidwa, ndi ya ana asukulu a selofu ochita lendi kachipinda, ndi ya banja lomwe magetsi akazima limaliza jenereta mu khonde lotseka kapena mu galaja. Amayi oyembekezera ndiye musayandikire n'komwe, chifukwa magazi a mwana wosabadwa amagwira poizoniyu kwambiri kuposa anu.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti anthu omwewa amatulutsa maluwa m'chipinda usiku, ati amaba mpweya. Zoona, chomera chimapuma usana ndi usiku, ndipo dzuwa likalowa photosynthesis imaima. Koma okosijeni yemwe kamtengo ka mu chitini kamatenga ndi wochepa kwambiri, sangafanane ndi wa munthu mmodzi wogona nanu. Duwa mwatulutsa, mbaula mwalowetsa. Tiyeni tiope choyenera kuopa.

Ndipo mabwana a m'mipanda, ndikudziwa kuti ena mukumvera muli m'galimoto. Munthu amene akukutetezerani katundu usiku wonse mumugulire jekete yochindikala, chipewa, masokosi ndi fulasiki ya tiyi. Lowani tsiku limodzi m'kanyumba kake muone ngati kali ndi potulukira mpweya. Thumba la makala lomwe mumamupatsa lingakhale lochokera mu mtima wabwino, koma lisalowe m'chipinda chotseka. Makalawonso tikudziwa kochokera, timawaona pa njinga m'mawa akutsika msewu wa ku Likuni. Ambiri ndi mitengo ya ku Dzalanyama, yomwe inatenga zaka zambiri kusonkhanitsa mphamvu ya dzuwa, ndipo nkhalango yomweyo ndi komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe wodzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, madzi omwe timamwa mu mzinda uno. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Bambo mlonda, usiku uno mbaula ikhale panja, inu muziothera panja pomwepo. Kutsegula kazenera pang'ono sikokwanira. Mukapeza mnzanu sakudzuka, kapena akuyankhula zosokonekera, tsegulani chitseko, mukokereni kunja, mumugoneke chammbali, ndipo musamumwetse mkaka kapena china chilichonse ali chikomokere. Thamangirani naye ku chipatala, Bwaila ndi Kamuzu Central sizili kutali, ndipo mukawauze achipatala kuti munali mbaula, chifukwa chomwe akufunika ndi okosijeni. Inuyonso mutu ukapitirira mbaula itachoka, bwererani akakuyezeni zina, monga BP.

Muulutsi: Aphunzitsi, nthawi yatithera, koma pali ina ya mlimi wa kudimba m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Akuti anathira urea, m'mawa chimanga china chafota ngati chapsa.

Aphunzitsi: Munagunditsa feteleza ku tsinde bambo, mwinanso nthaka inali youma. Madzi amayenda kudutsa kachikopa ka selo kuchoka komwe mchere wachepa kupita komwe wachuluka, ana asukulu amaitcha osmosis. Feteleza akaunjikana pa muzu, madzi amatuluka mu muzu m'malo molowa. Thirirani madzi ambiri lero lomwe, zina zitsitsimuka. Ulendo wina bowolani dzenje potalikirako ndi phando, thirani muyezo womwe alangizi anakuuzani, kwirirani, ndipo nthaka ikhale yonyowa.