Mapu a M'foni pa Njinga Yamagetsi: Malangizo kwa Oyenda Kuchigwa cha Chilwa

Munthu wa njinga yakapalasa akasochera amangotaya thukuta ndi nthawi. Wa njinga yamagetsi amataya batire, ndipo batire ikathera pakati pa dambo amatsala ndi chitsulo cholemera choti akankhe, pakaliyala pali thumba la mpunga kapena dengu la matemba. N'chifukwa chake aliyense amene wagula njinga yotereyi kuno kwa Kuntumanji, kaya ndi ya kabaza kaya ya pakhomo, ayenera kuphunzira kuwerenga mapu a m'foni. Njira ya ku Songani mwana aliyense amaidziwa. Chimene mukufuna pamapu ndi makilomita, kuti musananyamuke mudziwe ngati moto uli m'batirewo ukukufikitsani ndi kukubwezani.

Ambiri amaopa kuti GPS imadya bandulo. Sidya ayi. Foni imangomvetsera zizindikiro zochokera ku masetilaiti amene amazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo ikagwira anayi kapena kuposerapo imawerengera yokha pamene mwaima. Situmiza kanthu kulikonse. Choncho kaya TNM yathawa kaya Airtel yazima, kadontho kabuluu kosonyeza pamene muli pamapu kamaonekabe, kungoti popanda netiweki kamachedwa pang'ono kukhazikika. Kuchigwa kunonso kumakomera GPS chifukwa thambo ndi lotseguka, palibe nyumba zosanja zotchinga, moti foni imaphonya ndi mamita ochepa chabe. Chimene chimafuna intaneti ndi mapu enieniwo, misewu ndi mayina a malo. Amenewo ndiwo muyenera kusungiratu m'foni.

Chitani zimenezi tsiku limene mwapita ku Zomba kapena kulikonse kumene netiweki ili yamphamvu. Pa Google Maps dinani kachithunzi kanu kali pakona yakumanja kumwamba, musankhe Offline maps, kenako Select your own map. Patuluka bokosi, likokeni mpaka liphimbe Zomba, Songani, Domasi ndi nyanja yonse pamodzi ndi chilumba cha Chisi, ndipo mudine Download. Dziwani zinthu ziwiri. Mapu osungidwa chonchi amakhala ndi tsiku lothera, ndiye muziwakonzanso mukapeza netiweki. Chinanso, popanda intaneti Google Maps imangopereka njira za galimoto, kotero ikhoza kukuzungulitsani mumsewu waukulu pamene pali njira yachidule imene njinga zimadutsa tsiku lililonse.

Kwa munthu wa kumudzi ine ndimakonda Organic Maps kapena OsmAnd. Ziwirizi zimatenga mapu ku OpenStreetMap, ntchito imene inayamba mu 2004, yomwe anthu ongodzipereka amajambulamo misewu ndi tinjira. Mumatsitsa mapu a Malawi kamodzi, basi, ndipo zimatha kukusankhirani njira ya njinga kapena ya wapansi popanda bandulo. Mukamaliza kutsitsa, yesani pomwepo: ikani foni pa airplane mode, tsegulani mapu, muone ngati kadontho ndi misewu zikuoneka. Musadikire kukayesera kudambo.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa. Mapu onsewa amajambula Chilwa ngati nyanja yokhazikika, ya gombe limodzi losasuntha, pamene ife tikudziwa kuti Chilwa imayenda. Ndi nyanja yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Phalombe ndi mitsinje ina, kenako dzuwa n'kumamwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ouma, anthu n'kumayenda pansi pamene ankaponya maukonde. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabwera ndi madzi amene anakokolola milatho ndi misewu m'maboma a kummwera, zigwa n'kusefukira. Foni sidziwa kuti chaka chino madzi alekezera pati. Ikhoza kukuonetsani mzere woyera wa njira pamene lero pali njedza ndi madzi ofika m'chiuno, kapena kukuuzani kuti mwafika padoko pamene asodzi anasamuka kale kutsatira madzi. Sidziwa kuti mlatho wina unathyoka, kuti makande a mu Januwale amamata matayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira, kapena kuti mchenga wa mu Okutobala umameza njinga yolemedwa. Wofunsa ndiye sasochera, ndipo pa nkhani ya madzi wofunsidwa akhale msodzi, mayi wogulitsa nsomba kapena wakabaza amene wadutsako m'mawa womwewo. Mawu a foni ndi a munthu ameneyo akasemphana, tsatani munthuyo.

Njira yabwino ndi kudzipangira mapu anuanu. Paliponse pofunika, imani, dinani pamapu osachotsa chala mpaka patuluke chizindikiro, musunge malowo ndi dzina la Chichewa limene aliyense pakhomo panu angamve: kwathu, chigayo, chipatala, doko la chaka chino, powolokera, mlatho wothyoka. Koposa zonse sungani malo otchajira, kaya ndi golosale ya magetsi a ESCOM, kaya ometa tsitsi amene angakuloleni kulumikiza tchaja, ndipo mulembe ngati pali magetsi enieni kapena sola yaing'ono. Sola yotchajira mafoni singadzaze batire ya njinga. OsmAnd imathanso kujambula njira yonse imene mwadutsa. Iyatseni ponyamuka, muizimitse pofika, musunge mzerewo ndi dzina. Mukhale ndi njira ya chilimwe ndi njira ya dzinja yopita kumalo amodzi. Tsiku limene mwana wanu kapena mlamu adzabwereke njinga kuti athamangitse wodwala usiku, adzangotsata mzere umene munadutsa kale ndi matayala anu.

Tsopano za batire. Yang'anani zolembedwa pambali pake. Ngati palembedwa 36V ndi 10Ah, chulukitsani manambala awiriwo, mupeza 360Wh, ndiwo moto wonse umene imasunga ikadzaza. Makilomita amene wogulitsa anakuuzani anayesedwa pamsewu wosalala ndi munthu mmodzi wopanda katundu, ndiye musawakhulupirire kwambiri. Yesani nokha. Dzazani batire, yatsani pulogalamu yojambula njira, yendani m'misewu yanu ya masiku onse ndi katundu wanu wa masiku onse mpaka pa chizindikiro cha batire patsale kamzere kamodzi, muone makilomita amene foni yawerenga. Nambala imeneyo ilembeni papepala muimate pa njinga. Tinene kuti mwapeza 30. Gawani patatu: 10 opitira, 10 obwerera, 10 osungira. Osungirawo ndi a mphepo yowomba kumaso, imene kuchigwa kopanda mitengo imalimba kwambiri, a njira yozungulira mukapeza madzi, ndiponso a katundu amene simunamuyembekezere. Kumbukiraninso kuti kuchoka kunyanja kulowera ku msewu wa M3 ndi kumapiri a Zomba mumakhala mukukwera pang'onopang'ono, ngakhale maso sakuona chitunda, ndipo nthawi zambiri ndi ulendo umenewo umene mumakhala mutasenza nsomba kapena mpunga. Nthawi yofikira imene Google Maps imalemba musaiwerengere, ndi ya galimoto. Muyeso wanuwo muziubwereza pakapita miyezi, chifukwa batire ikamakalamba makilomita amatsika.

Foniyo payokha sidya moto wambiri poyerekeza ndi njinga. Batire ya foni ya 5,000mAh imasunga pafupifupi 19Wh, kachigawo kochepa ka 360Wh kaja, choncho ngati njinga yanu ili ndi potulukira USB, lumikizani mosaopa. Koma musayese kulumikiza mawaya a foni mwachindunji ku batire ya njinga. Mphamvu ya 36V imaotcha foni nthawi yomweyo. Ngati USB palibe, kapawabanki kam'thumba kakwana. Chimene chimatha batire ya foni msanga ndi kuwala kwa sikirini padzuwa, ndiye muzizimitsa sikirini pa njira yowongoka, muziyatsa pamphambano pokha.

Pomangirira foni, gulani chopanira cha pa handulo chogwira ngodya zonse zinayi, ndipo pansi pake muike kachidutswa ka mphira ya chubu kuti kugwedezeka kuchepe. Misewu ya mabampu imamasula zomangira, imathanso kuwononga kamera za mafoni ena. Onjezerani kachingwe kochokera pa chikwama cha foni kukafika pa handulo, kuti ikadumpha ilendewere m'malo mogwera m'matope. Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limatenthetsa foni mpaka kuzima yokha. Ikayamba kutentha ichotseni muiike m'thumba. Nthawi ya mvula kajumbo koonekera mkati kamathandiza, koma musatchaje pamene kabowo ka tchaja kanyowa.

Njinga yamagetsi imathamanga mwakachetechete, ana ndi mbuzi samva kuti ikubwera. Musawerenge mapu mukuyenda. Patukirani kumanzere, imani, ikani phazi pansi, muwerenge. Ngati mukufuna kumva mawu olozera njira, valani chomvera khutu limodzi lokha, linalo limve msewu. Pofika pamsika chotsani foni pa handulo musanatembenuke kukatsitsa katundu.

Musananyamuke ulendo wautali kapena wa madzulo, tumizani malo anu kwa wina wa pakhomo kudzera pa WhatsApp. Dinani kachizindikiro kotumizira zinthu, musankhe Location, kenako Share live location; imakupatsani mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Imeneyi imafuna bandulo ndi netiweki, choncho uzaninso a pakhomo ndi pakamwa njira imene mudutse ndi nthawi imene akuyembekezereni. Akabaza muphunzitse makasitomala anu kutumiza malo awo mwa njira yomweyi, m'malo mokuuzani kuti mudzawapeza pamtengo wa mango. Batire yambiri imathera kusakasaka nyumba m'mudzi.

Mvula isanagwe chaka chino, tengani tsiku limodzi mujambule njira zanu zopita kuchipatala, kumsika ndi kudoko, ndipo muonetse wina aliyense wokwera njingayo pakhomo panu momwe angazitsegulire.