Galimoto Ikamalira Ngati Nyenje

Kumidzi kumene misewu ili ya fumbi ndi matope, galimoto yodalirika ndi ija yokoka ndi mawilo onse anayi, monga Land Rover, imene inayamba kupangidwa ku England m'chaka cha 1948, kapena Land Cruiser ya ku Japan. Ndiyo imathamangitsa odwala ndi amayi apakati kuchipatala cha kuboma. Tsono galimoto yotere ikayamba kulira mosongoka ngati nyenje, dalaivala ayenera kupeza kumene kulirako kukuchokera asananyamule munthu.

Funso loyamba ndi ili: kodi phokosolo likutsata injini, kapena likutsata mawilo? Dalaivala aimitse galimoto, aichotse m'giya, amange buleki ya m'manja, ndipo aponde mafuta pang'onopang'ono. Kulira kukamakwera pamodzi ndi injini galimoto ili chiimire, ndiye kuti nthenda ili pansi pa boneti.

Pamenepo woyamba kumkayikira ndi lamba amene amazunguza pampu ya madzi ndi alternator yodzaza batire. Lamba akakhwepa kapena akasalala ndi ukalamba amaterereka nalira, makamaka m'mawa kapena galimoto itangowoloka mtsinje. Injini itazimitsidwa, dalaivala amkanikize ndi chala pakati pake. Akalowa kwambiri kupyola sentimita imodzi, ngwokhwepa. Koma kummanga mopyola muyeso nakonso n'koipa, pakuti kumadya mabering'i a pampu ndi a alternator.

Lamba akakhala bwino, nkhani yatsala pa mabering'i omwewo. Amakaniko ali ndi nzeru yosalira ndalama: amatenga sikuludalaiva yaitali, nsonga naigunditsa pa thupi la alternator kapena la pampu, chigwiriro nachiika kukhutu. Bering'i yakutha imamveka ngati mphero ikupera mchenga. Pochita izi malaya ndi zala zitalikire fani, chifukwa fani ilibe chisoni. Njira ina ndiyo kuchotsa lamba injini ili yozizira ndi kuiliza kanthawi kosakwana mphindi imodzi. Kulira kukaleka, azimitse injini, azunguze ndi dzanja chilichonse chimene lamba amakoka, kufuna chimene chikukhakhala kapena kugwedera. Pampu imene ikudontha madzi kunsi kwake yadziulula yokha.

Ambiri amanyoza kaphokoso aka poona kuti galimoto ikuyendabe. Koma pampu ikauma kapena lamba akaduka, madzi amaleka kuzungulira, ndipo injini imawira m'mphindi zochepa. Mutu wa injini ukapindika ndi moto umenewo, galimoto igona kugalaja masabata, wodwala ali panjira. Chifukwa chake lamba wapadera asasowe m'bokosi la masipanala.

Pa galimoto zimene chiwongolero chake chili ndi pampu, kulira kobwera pokhota kumatanthauza kawirikawiri kuti mafuta a pampuyo achepa. Kukabwera pokhapokha phazi litaponda kilachi, ndi bering'i ya kilachi.

Nanga phokoso likamamveka galimoto ikuyenda pokha? Pamenepo injini ilibe mlandu, ngakhale anthu amainamizira. Ayang'ane giyabokosi, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, madifu ndi mabering'i a mawilo. Land Rover zakale zimalira ndithu m'magiya mwachibadwa; choopsa ndi liwu lachilendo limene dzulo kunalibe. Kulira kumene kumasintha dalaivala akaponda mafuta kapena akachotsa phazi kumaloza ku difu, pamene kwa bering'i ya wilo kumasintha galimoto ikamakhota.

M'nyengo ya dzinja madifu ndiwo amavutika. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imatha kuyamwa madziwo, ndipo oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Oyilo wotere sateteza mano a magiya. Dalaivala amene wawoloka madzi ofika m'madifu atsegule chotsekera, apisemo chala ndi kuona mtundu wake. Akapeza mkaka, akhuthule wonse tsiku lomwelo ndi kuthira oyilo wa magiya watsopano kufikira ataonekera pakamwa pa bowo.