Cikondi pa Nyengo ya Cisanu

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno ku Zambia kumazizira kwambiri. Mphepo ya mwela imaomba. Khungu limatuwa, milomo ndi mapazi zimang'ambika. M'mamawa palibe mwana amene amafuna kucoka m'gombeza!

Koma amai amauka kukali mdima. Amakoleza moto ndi kutereka madzi kuti ana asambe ofunda. Amaphikanso phala kapena kandolo. Kodi inu muganiza kuti iwo samva cisanu? Amamva ndithu. Zala zao zimacita dzanzi pogwira ndowa, koma safuna kuti ana ao apite kusukulu ali kunjenjemera.

Anthu ambiri sanena kuti, "Ndikukonda." Amanena mau ena. Ambuya amati, "Iwe, bwera kuno ndikudzoze mafuta. Taona miyendo yako, yatuwa kuti mbuu!" Atate amati, "Juzi yako ili kuti? Bwerera ukabvale." Mwina inu mumanyinyirika pomva mau otere. Komatu munthu amene alibe nanu nchito sangakufunseni za juzi.

Pali cinthu cimodzi cimene ana ena amaona ngati nkhanza. Usiku atate amatulutsa mbaula panja banja lisanagone. Ana amadandaula kuti, "Atate, isiyeni m'nyumba, kwazizira!" Atate amakana, ndipo amacita bwino. Malasha oyaka amatulutsa mpweya woipa. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha. Ngati citseko ndi mawindo zili zotseka, umadzaza m'nyumba. Anthu ogona amaupuma osadziwa, ndipo ena saukanso. Musagone ndi mbaula m'nyumba yotseka, ngakhale kuzizire motani.

Kuli maiko ena kumene kumazizira koposa kuno. Ku Canada, m'mwezi wa Januwale, madzi a m'nyanja zambiri amauma gwa ngati mwala. Cipale coyera cimagwa kucokera kumwamba ndi kutseka njira. Kumeneko anthu amatenga fosholo ndi kukacotsa cipaleco pakhomo pa nkhalamba yoyandikana nayo, kuti isaterereke ndi kugwa.

Nanga inu? Mungathe kufunditsa mng'ono wanu akataya gombeza usiku. Mungathe kumucotsa pafupi ndi moto kuti asapse. Mungatole nkhuni za ambuya, kapena kuwatulutsira mpando padzuwa kuti aothere. Ngati muli ndi majuzi awiri, pemphani amai kuti mubwereke mnzanu imodzi.

Mafunso

1. Kodi ku Zambia kumazizira kwambiri m'miyezi iti?
2. N'cifukwa ciani amai amauka kukali mdima?
3. Kodi cingacitike n'ciani mukagona ndi mbaula m'nyumba yotseka?
4. Kodi anthu a ku Canada amathandiza bwanji nkhalamba?

Zocita

Lembani ziganizo ziwiri zonena za munthu amene anakusamalirani tsiku lina kutazizira. Muwerengere mnzanu.