Bwato Likabwera Lopanda Mwini

Adzukulu anga a ku Benga, bwato likapezeka likuyandama lopanda mwini, dzuwa lisanakwere dooko lonse limakhala litamudziwa kale wakupha. Wina akuti ndi akuba maukonde, wina akuti ndi asodzi a tsidya la ku Mozambique, wina akuti anakangana ndi mlovi mnzake pogawana ndalama za usipa. Mukawafunsa mmodzimmodzi kuti, "Inuyo munali pamadzipo?" onse amayamba ndi mawu akuti "akuti".

Ine ndinalakwapo, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mnyamata wina anasowa panyanja mwezi wa Julaye. Ndinanena pamsika kuti mnzake wa m'boti akudziwapo kanthu, poti dzulo lake ndinawamva akutukwanizana. Madzulo omwewo anthu anamugwetsera nyumba. Thupi litapezeka, achipatala anapima n'kupeza kuti anamira. Usiku umenewo kunawomba mwera, ndipo ine ndinaudziwa, koma pakamwa panathamanga.

Nyanja siisunga mapazi. Pamtunda apolisi amapeza magazi, udzu wopondeka, chikwanje chotayidwa patchire. Pamadzi mboni ndi okhawo amene anali m'boti, komanso usipa timapha kukada mwezi. Amene munakhalapo pafupi ndi siginala, woyang'anira nyali zokopera usipa uja, mukudziwa mmene nyali zimathobwera m'maso, moti kupitirira pamene kuwala kwathera simuona kanthu. Ndiye munthu akamati anazindikira nkhope ya wachifwamba, mufunseni kuti anali patali bwanji, inali nthawi yanji, ndipo mphepo inkachokera kuti.

Za thupi ndiye samalani kwambiri. Likakhala m'madzi masiku angapo limatupa, khungu limasendeka, nkhanu ndi nsomba zimayamba kudya pofewa monga milomo, maso ndi makutu. Wosadziwa akaona amakuwa kuti amuchotsa ziwalo. Wina amajambula pafoni, n'kuponya pa WhatsApp, ndipo pofika masana mayi wake amene ali ku Salima waona kale mwana wake ali choncho.

Sindikunena kuti panyanja palibe nkhanza. Maukonde amabedwa, ma injini amabedwa, anthu amavulazana. Gombe lathu lomweli linaonapo zoopsa pamene zombo za Jumbe zinkaolotsa akapolo kuchokera ku Nkhotakota. Koma mphekesera nayo imapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa ndi anzawo pongoganiziridwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Wopopa magazi sanapezeke ndi mmodzi yemwe.

Mukamva kuti msodzi waphedwa, foni ikhale kaye m'thumba. Kauzeni a komiti ya pa dooko ndi amfumu, nkhani ifike ku polisi, thupi likapimidwe kuchipatala. Pezani amene anali m'boti mumve kuchokera pakamwa pake. Ngati simunamupeze, chonde musatchule dzina la munthu.